Mphanje ndi Tsala: Mbiri ya Midzi ya Malasha ku Britain

Ali yense wa ife adziwa dzina la Blantyre, koma si onse adziwa kumene linacokera. Kuli Blantyre wina ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mudzi umene anabadwiramo David Livingstone caka ca 1813. Ndipo amishoni amene anamanga patsinde pa phiri la Ndirande caka ca 1876 anapatsa malo ao dzina limenelo pomkumbukira iye. Posimba za mudzi umenewo tikonda kunena za fakitale ya thonje imene Livingstone anayamba kugwiramo nchito ali ndi zaka 10. Koma pansi pa mudziwo panali cuma cina cakuda, ndico malasha; ndipo pa 22 October 1877, citangopita caka cimodzi ciyambire mishoni ya kuno, mpweya unaphulika m'mgodi wa kumeneko, nupha anthu oposa 200, amuna ndi anyamata, m'mawa umodzi.

Lero ku Blantyre wa ku Scotland kulibe mgodi ngakhale umodzi, ndipo m'dziko lonse la Britain mulibenso nyumba yopanga magetsi ndi malasha. M'nkhani ino ndifuna tilondole m'mene zimenezi zinacitikira, ndi kufunsa funso limodzi: pamene dziko lisiya nchito yakale kuti litenge yatsopano, asenza katunduyo ndani?

MASIKU A MALASHA

Malasha ndiwo mwala wakuda woyaka, wotsala wa nkhalango zakalekale zimene zinakwiririka pansi pa nthaka. Moto wace uposa wa nkhuni, ndipo ndiwo unayendetsa sitima za pamtunda ndi za pamadzi, nusungunula citsulo, nuzunguza makina a m'mafakitale, kufikira Britain analemera koposa maiko anzace a masiku amenewo. Koma malasha sanayalidwe ponse ponse. Anapezeka m'zigwa za kumwera kwa Wales, ku Yorkshire, ku Durham ndi Northumberland, ku Nottinghamshire, ndi ku Lanarkshire ndi Fife m'dziko la Scotland. Ndipo kumene anapezekako kunamera midzi imene inalibe nchito yina koma ya mgodi.

Atate akumba, mwana akumba, mdzukulu nayenso ayembekeza kukumba. Wa sitolo, wosoka nsapato, mphunzitsi ndi mbusa, onsewa anadya ndalama yoturuka m'dzenje lomwelo. Ndi makobiri ao anthu a m'migodi anamanga nyumba za mapemphero ndi nyumba zowerengeramo mabuku, nakhala ndi makwaya ndi magulu a malipenga amene mbiri yao inamveka kutali. Caka ca 1913 anakumba matani 287,000,000, ndipo sanafikeponso pamenepo. Caka ca 1920 anchito a m'migodi anaposa 1,000,000.

Tisayese kuti unali moyo wokoma. Kufikira lamulo la 1842, akazi ndi ana ang'ono analikukoka madengu a malasha mumdima wa pansi. Pfumbi linadya mapapo a amuna, kotero kuti ambiri anakalamba ali ndi befu. Ndipo pa 21 October 1966, ku Aberfan m'dziko la Wales, mulu wa zinyalala za mgodi unakhuta madzi, nugumukira pa sukulu. Anafa anthu 144, mwa iwo ana 116. Amai ambiri anapemphera kuti ana ao asadzalowe m'mgodi. Koma ingakhale nchitoyo inali yowawa, ndiyo inali cakudya cao, ndi ulemu wao womwe.

KUTSEKA KOYAMBA

Pa 1 January 1947 Boma linatenga migodi m'manja mwa eni ace. Inalipo pafupi 1,000, ndi anchito ngati 700,000. Anthu anakondwera, nayesa kuti tsono nchito yao yakhazikika. Koma posacedwa ogula malasha anayamba kucepa. Mu December 1952 nkhungu yosanganizika ndi utsi wa malasha inaphimba London masiku 5, nipha anthu osacepera 4,000, ndipo mu 1956 anaika lamulo locepetsa utsi m'mizinda. Pansi pa nyanja ya North Sea anapeza gasi mu 1965, pambuyo pace mafuta omwe. Sitima za pamtunda za Boma zinaleka malasha mu 1968. Migodi mazana inatsekedwa m'zaka zimenezo, koma kulira sikunamveke kwambiri, pakuti mafakitale analikufunabe anthu, ndipo ena anangosamukira ku mgodi wina.

Zinthu zinasandulika mu 1984. Pamenepo inatsala migodi ngati 170. M'mwezi wa March akuru a migodi analengeza kuti adzatseka 20 ndi kucotsa anthu 20,000. Ndipo anchito, motsogozedwa ndi Arthur Scargill, ananyanyala nchito kulimbana ndi Boma la Margaret Thatcher. Kunyanyalako kunatha caka camphumphu. Mabanja anagulitsa katundu wa m'nyumba, akazi anaphika m'miphika yaikuru kudyetsa mudzi wonse, ndipo mbale analeka kulankhula ndi mbale wace cifukwa wina anabwerera kunchito anzace asanabwerere. Mu March 1985 onse analowanso osapindula kanthu. Kuyambira pomwepo kutseka kunathamanga ngati moto wa m'thengo. Mu October 1992 Boma linanena kuti pa migodi 50 yotsala lidzatseka 31, ndipo mu 1994 linagulitsa yotsalayo.

Nanga anthu aja anamuka kuti? Nchito zatsopano za zaka zimenezo, za m'mabanki ndi m'maofesi, zinali ku London ndi kumizinda yina yaikuru, kutali ndi zigwa za malasha. Mwamuna wa zaka 50, wa msana wopweteka ndi cifuwa ca pfumbi, sanathe kuzitsata. Ambiri analembedwa m'buku la odwala, nalandira kandalama ka Boma, ndipo powerenga osowa nchito sanawawerengenso. Anyamata ndi asungwana ophunzira anacoka osabweranso. Nyumba zambiri za mapemphero zinatsekedwa posowa anthu. Akuru ofufuza a pa yunivesite ya Sheffield Hallam, amene analondola midziyi zaka zambiri, anapeza mu 2019 kuti m'madera akale a malasha, mokhala anthu 5,700,000, munali nchito 55 zokha pa anthu 100 a msinkhu wogwira nchito, pamene m'dziko lonse zinali 73. Zaka zoposa 30 zinali zitapita, bala lisanapole.

Panali anthu ena amene anakana kugonja. Mgodi wa Tower, pafupi ndi Hirwaun ku Wales, unatsekedwa mu 1994. Koma anchito 239 anasonkha yense £8,000 pa ndalama zimene anawapatsa powacotsa, naugula mgodiwo, nautsegulanso mu January 1995, nakumba mwa iwo okha zaka 13 kufikira 2008. Koma midzi yambiri inalibe mwai wotere. Mgodi wakuya wotsiriza wa Scotland, wa Longannet, unadzala madzi mu 2002. Ndipo waukuru wotsiriza wa Britain yense, wa Kellingley ku Yorkshire, unatsekedwa pa 18 December 2015.

Owerenga azindikire ici: kutseka kwa zaka zija sikunacitike cifukwa ca kusintha kwa nyengo. Kunacitika cifukwa gasi ndi malasha a kunja anatsika mtengo, ndi cifukwa ca ndeu ya Boma ndi mabungwe a anchito. Koma cipsera cace ndico cimene anthu a kumeneko aloza lero, pamene Boma liwauza za kusintha kwina.

LONJEZO LA 2050

Kusintha kwinako ndi uku. Pakutentha malasha, mafuta kapena gasi, paturuka mpweya wosaoneka, dzina lace carbon dioxide, umene usonkhana kumwamba nufunda dziko monga bulangete, kotero kuti kutentha kwa dzuwa sikubwerera konse. Cifukwa cace dziko lapansi lirikutentha, ndi nyengo za mvula zisokonezeka. Mu 2008 Nyumba ya Malamulo ya Britain inaika lamulo locepetsa mpweyawo. Mu 2015 maiko anapangana pangano ku Paris. Ndipo mu June 2019 Britain analimbitsa lamulo lace, kuti pofika 2050 mpweya umene dziko lace liturutsa usapose umene licotsa, kaya ndi mitengo kaya ndi makina. Angerezi ati zimenezi ndi net zero, ndiko kunena kuti mbali ziwiri za sikelo zilingane, osatsala kanthu. Scotland anadziikira caka ca 2045.

Anayambira pa magetsi. Mu 2012, pa magawo 10 a magetsi a Britain, ngati 4 anacokera ku malasha. Mu 2013 Boma linaonjeza msonkho pa utsi wa nyumba za magetsi, ndipo mu November 2015 linalengeza kuti malasha adzaleka pofika 2025. Pambuyo pace linafupikitsa nthawiyo ndi caka cimodzi.

M'buku la dziko lonse masamu ace aoneka okoma: nchito zakuti zitaika, nchito zakuti zibadwa, ndipo kapena zobadwa ziposa zotaika. Koma munthu sakhala m'dziko lonse, akhala m'mudzi umodzi. Ndipo nchito yobadwa kum'mawa siiphikira nsima mwana wa kumadzulo.

TSIKU LIMODZI, MIDZI IWIRI

Pa 30 September 2024 moto unazima pa malo awiri. Woyamba unali wa ku Ratcliffe-on-Soar, pafupi ndi Nottingham, nyumba yotsiriza ya magetsi a malasha. Zinali zitapita zaka 142 ciyambire yoyamba, imene inatsegulidwa ku London mu 1882. Kumeneko anchito anadziwa tsikulo zaka zingapo lisanafike. Eni ace ndi mabungwe a anchito anakhala pansi, naunika za munthu ali yense payekha: wina anaphunzira nchito yina, wina anasamukira ku malo ena a kampani yomweyo, wokalamba anapuma ndi penshoni, ndipo ambiri anatsala kupasula makina pang'ono pang'ono. Cisoni cinalipo potsazikana ndi malo amene anakalambiramo, koma cinali cisoni ca pa maliro a nkhalamba imene yafa itadya zaka zace. Tikumbukirenso kuti anchito otsala kumeneko sanafike 200, ndipo mzinda waukuru wa nchito zambiri unali pafupi.

Waciwiri unali wa ku Port Talbot, kumwera kwa Wales, mudzi wa citsulo. Makolo athu anasungunula citsulo m'ng'anjo ya dothi ndi moto wa makala. Ng'anjo za ku Port Talbot zinacita nchito yomweyo, koma zinali zazitali kwambiri, ndi kudya malasha usana ndi usiku, ndipo panalibe fakitale yina m'Wales yense yoturutsa mpweya wambiri ngati imeneyo. Eni ace, kampani ya Tata ya ku India, anati alikutaya ndalama zoposa £1,000,000 tsiku ndi tsiku. Mu September 2023 Boma linabvomera kuwathandiza ndi £500,000,000 kuti amange ng'anjo yatsopano ya magetsi, yosungunula zitsulo zakutha. Ng'anjo yotere utsi wace ngwocepa, koma manja amene ifuna ngocepanso. Mu January 2024 kampani inalengeza kuti anthu ofika 2,800 adzacotsedwa, ambiri a iwo a ku Port Talbot komweko. Mabungwe a anchito anapempha kuti ng'anjo imodzi yakale ikhale ciyakire kufikira yatsopano itatha. Kampani inakana, niti ndalama zace nzosatheka. Ng'anjo yoyamba inazima mu July, yaciwiri pa tsiku lomwe lija la September, ndipo kumanga yatsopano kunayamba mu 2025.

Boma ndi kampani anaika £100,000,000 zothandiza ocotsedwa kuphunzira nchito zina, ndi kucirikiza amalonda ang'ono. Koma pa munthu mmodzi wa m'fakitale patsamira enanso: woyendetsa lole, wokonza makina, mai wophika tiyi pacipata. Mudzi wa anthu osafika 40,000 sungapezere malo anthu pafupi 2,000 osowa nchito m'caka cimodzi. Tsono dziko linali limodzi ndi tsiku limodzi; cosiyana cinali nthawi yokonzekera, ndi unyinji wa anthu odalira khomo limodzi.

NCHITO ZATSOPANO ZIMERA KUTI?

Kungakhale kunama kunena kuti nchito zatsopano palibe. Britain ndi cisumbu ca mphepo, ndipo anthu ace aimika m'nyanja ndi pamapiri nsanja za citsulo za mapiko atatu, amene pozungulira ndi mphepo apanga magetsi. Ziwiri zoyamba za m'nyanja anaziimika mu 2000 ku Blyth, dooko lakale la malasha. Ku Hull, kum'mawa kwa England, anatsegula mu 2016 fakitale youmba mapikowo, nalemba anthu ngati 1,000. Ku Grimsby, kumene usodzi unafota, ngalawa tsopano zinyamula amisiri okakonza makina a m'nyanja. Midzi imeneyi inali m'usiwa, ndipo yapezako bwino.

Koma taonani zinthu zitatu. Coyamba ndico malo. Hull ali kum'mawa, Port Talbot kumadzulo, ndipo pakati pao pali ulendo wa mailosi oposa 200. Munthu wa nyumba yace, wa ana pa sukulu, wa amace okalamba ndi manda a makolo, sanyamuka ngati mbalame. Caciwiri ndico unyinji. Kumwera kwa Glasgow, kosatalikira Blantyre uja, pa citunda ca Whitelee pali nsanja za mphepo 215; pomanga panafunika manja ambiri, koma zitatha zisungidwa ndi anthu owerengeka, pamene mgodi umodzi unadyetsa mabanja mazana mibadwo ndi mibadwo. Cacitatu ndico osula. Zitsulo zambiri zoimikapo nsanja za m'nyanja ya Scotland zinasulidwa kumaiko akutali a ku Asia, kumene mtengo ngwotsika. Ndipo mu December 2020 kampani ya BiFab, yosula zotere ku Fife, inagwa, cinkana malo oimikapo nsanja zatsopano anali pandunji pa gombe lace.

Ndipo Scotland ali ndi ciyeso cina cacikuru, ca mafuta. Mzinda wa Aberdeen unalemera ndi mafuta a North Sea, amene anayamba kufika pamtunda mu 1975. Koma zitsime zace zinafika pacimake mu 1999, ndipo zakhala zirikuphwa. Mu April 2025 malo oyengera mafuta a ku Grangemouth, amene anayamba mu 1924, analeka kuyenga, ndipo anthu ngati 400 anacotsedwa. Boma la Scotland, pokumbukira za malasha, linaika bungwe loyang'anira kuti kusinthaku kucitike mwacilungamo, limene linayamba nchito mu 2019; linalonjezanso £500,000,000 pa zaka 10 za dera la Aberdeen ndi Moray. Ngati ndalamazo zidzabala nchito mafuta asanathe, ana a sukulu a lero ndiwo adzasimba.

NJIRA YA ANZAO A KU GERMANY

Kodi pali dziko limene linatseka migodi mwa njira yina? Tiyang'ane pang'ono ku Germany, ku dera la Ruhr, limene linali la malasha monga zigwa za Wales. Mu 1957 anchito a m'migodi yakuya ya kumadzulo kwa Germany anali ngati 600,000. Kumenekonso malonda anagwa. Koma Boma, eni migodi ndi anchito anapangana kutseka pang'ono pang'ono, ndi kuti wokumba asaponyedwe pamseu wopanda kanthu. Anamanga yunivesite ku Bochum, imene inatsegulidwa mu 1965, kuti ana a okumba aphunzire zina. Mu 2007 anaika caka cotsiriza, kutatsala zaka 11. Ndipo pa 21 December 2018, ku Bottrop, okumba anaturutsa mwala wotsiriza, naupereka m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, Frank-Walter Steinmeier. Njira imeneyi inadya ndalama zosaneneka za msonkho, ndipo mizinda yina ya ku Ruhr, monga Gelsenkirchen, ikali ndi osowa nchito ambiri. Koma kunalibe kunyanyala kwa caka camphumphu kogawanitsa abale monga kuja kwa 1984.

CIPHUNZITSO CACE

Alimi a kwathu adziwa cinthu cimene nduna zina zinaiwala. Munda ukaguga, munthu wanzeru sausiya lero ndi kukayamba kufuna wina mawa. Aswa mphanje munda wakale ukali kubala, kuti pamene wakalewo ugona tsala, m'nkhokwe mukhale kale cimanga ca mphanje. Yosefe nayenso anadzaza nkhokwe za Farao m'zaka za dzinthu, njala isanafike. Mbiri imene talondolayi ititsimikizira kuti kumene mphanje inasweka nthawi ikalipo, anthu anadandaula koma anadya. Kumene munda unasiyidwa modzidzimuka, njala yace inafika kwa adzukulu.

Ife sitiri alendo pa zimenezi. Mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna a kwathu oposa 70 ocokera ku migodi ya ku South Africa, kulemba kwa Wenela kunaimitsidwa, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Akuru athu akumbukira m'mene inakhalira midzi imene inazolowera ndalama za ku Joni.

Koma tisanene kuti kukadakhala bwino malasha akadayakabe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope a phiri la Soche pa nyumba za anthu m'Blantyre wathu, ndipo m'dziko muno anafa anthu oposa 600, ena mazana osapezeka. Ndipo ophunzira za nyengo atiuza kuti dziko likatentha, mvula ya namondwe ikula. Utsi wa Blantyre uja ndi matope a Blantyre uno sizitalikirana monga tiyesa. Utsiwo uyenera kuleka. Koma phindu la kuleka kwace ndi la anthu onse, ndipo sikuyenera kuti mtengo wace ulipidwe ndi midzi yowerengeka. Akuru anati, mutu umodzi susenza denga. Wokumba malasha ndi wosula citsulo sanalakwe. Anagwira nchito imene dziko linawatuma, ndipo ena anafera momwemo.

Cifukwa cace, abale, pakumva kuti dziko lakuti lalonjeza kuleka utsi caka cakuti, tikondwere; koma tifunsenso kuti anthu a pa ng'anjo adzadya ciani, ndi kuti mphanje yao alikuiswa ndani. Funso lomweli litiyenera kuno, ponena za abale athu otentha makala, amene nkhalango zirikutha m'manja mwao, koma alibe pena popezera mcere ndi ndalama ya sukulu. Ndipo m'mapemphero a mwezi uno tikumbukire mabanja a ku Port Talbot, a ku Grangemouth ndi a ku Aberdeen. Zopereka za mipingo ya ku Scotland zinathandiza kumanga zina za sukulu zoyamba za m'dziko muno. Anthu a kumeneko anatikumbukira osatidziwa, ndipo kutiyenera kuwakumbukira iwo tsopano.